Bulauzi Yanu ndi Abakha a Che Saidi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Kabwata tilipo. Mimba ija munandisiya nayo inatipatsa kamtsikana, mphuno yanu yeniyeni, kulongolola chimodzimodzi. Chimanga cha kuseri kwa nyumba anatchetcha apolisi a kanselo, ati chikusunga udzudzu.

Nkhani ndi bulauzi yanu yoyera ya kuchigwirizano. Lachinayi likudzali akundiveka ine, ndipo ndinalumbira kuti ndivala yanu. Koma madzi a Lusaka mukuwadziwa, ali ndi laimu. Sopo wamtanda satulutsa thovu, amangoyandamitsa zinthu ngati chambiko. Ndinachapa mpaka zala kusupuka, mafuta anu a nsatsi pakolala osachoka.

Ndiye mkamwini wanu, a Phiri, poti tsopano amatsuka migolo ku fakitale ya sopo, asanduka dokotala. Anabwera ndi chitini cha sopo waufa, ati ameneyu dzanja lina amagwira mafuta, lina amagwira madzi, n'kukokera litsiro kunja. Anati ndithire supuni imodzi basi. Koma inu munkati sopo wopanda thovu ndi mwala. Ndinakhuthula chitini chonse.

Mayo ine, thovu lake! Linadzaza bafa, kusefukira m'ngalande, mpaka pachithaphwi posambira abakha a Che Saidi, telala uja wa ku Fort Johnston. Amayi, munaonapo bakha akumira? Sopoyo anasukuluza mafuta a m'nthenga, abakha n'kunyowa ngati nkhuku, kungotsala mitu pamwamba. Che Saidi analumphiramo ndi mkanjo womwe, kuwavuula mmodzimmodzi, uku akundilalatira m'Chiyao. Masana onse ndinakhalira kuwothetsa abakha a eni pambaula. Onse ali moyo, koma akandiona amathawa.

Bulauziyo yayera mbee, sindinama. Koma nditaianula ndinainunkhiza pakolala paja, monga ndakhala ndikuchitira chiikireni maliro anu. Ikungonunkha fakitale, Amayi. Inu mulibemo. Ndinakhala pansi n'kulira, a Phiri n'kumayesa ndikulirira abakha.

Lachinayi ndivala ndithu, mudzandione. Duku lanu lija lidakali m'bokosi, lakuda momwe munalisiyira. Limenelo ndikulonjeza, silidzaona madzi, ngakhale abusa anene.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati