Foni ya Amayi Ili M'mbiya Kudimba

Tsangano, Ntcheu
Mwezi wa Juni

Wokondedwa mlongo wanga Fabiano,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Sibongile ndi wa ana kumeneko ku Joni. Kuno ine ndi bambo a kunyumba tili bwino, ana akupita kusukulu, mbatatesi nayo yabereka ngakhale chisanu chafika msanga. Amene sali bwino ndi amayi, ndipo ndi chifukwa chake ndagwira cholembera.

Usadabwe kulandira kalata ya pamanja ngati nthawi imene bambo anali kumigodi. Unanditsekera pafoni tsiku lija ndinakuseka, ndiye ndapatsira Edson, woyendetsa galimoto ya katundu uja, kuti akupatse m'manja. Pepala lilibe potsekera.

Ndikukumbutse pang'ono. Zaka zonsezi unkadandaula kuti kwathu n'kotsalira, kuti amayi amachita kukwera pachulu cha kwa a Maliro kuti amve mawu ako, mwinanso foni n'kukoka netiweki ya ku Mozambiki. Lero atimangira nsanja ya netiweki pakaphiri kuseri kwa tchalitchi, amayi anayamba kucheza nawe ali phee pakhonde, basi iwe wasanduka dokotala.

Dokotala wa kuti, Fabiano? Iwe amene ndinkachita kukukoka popita kusukulu, mamina ali chuchuchu? Walandira uthenga wa munthu amene sukumudziwa ndi nkhope yomwe, wakutumizira mnzako amenenso anachita kutumiziridwa, iwe osaganiza n'komwe wauponyera nkhalamba. Akuti nsanja imatulutsa mphepo yosaoneka yophika ubongo ndi kuumitsa magazi. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nanga uthengawo unafika bwanji kuno? Unadzera pansanja yomweyo, iwe foni ili kukhutu, ndudu ili pakamwa.

Mudzi wagawikana tsopano. Amalume a Lazarus akuti nkhuku zawo zatha ndi nsanja, ngati kuti chitopa chayamba chaka chino. Pamsonkhano wa kutchalitchi analankhula mpaka thovu kukamwa kuti chitsulocho chigwetsedwe. Ali mkati molalata foni inalira m'thumba mwawo, iwo n'kupempha anthu kuti adikire kaye, akuyankha wogula mbatatesi wa ku Blantyre. Amenewo ndiwo anzako a nzeru.

Ine za mafunde a m'mlengalenga sindizidziwa, ndipo sindinganame kuti ndimazidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mutu wa amayi unayamba kale, nsanja kulibe. Kuchipatala anawayeza, anati ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku. Mayi Regina, mlangizi wa zaumoyo, anabwera kudzawauza kuti nsanja zotere zili ponseponse, ngakhale m'tauni momwe ukukhala iwemo, koma chimene chingawagwetse msanga ndi kusiya mankhwala. Amayi anayankha kuti mwana wawo ali kunja, amaona zambiri, sangawanamize.

Wamva? Ine amene ndimawatungira madzi ndi kuwachapira ndine mbuli. Wanzeru ndi iwe amene sukudziwa kuti tsitsi lawo layera lonse. Zimandiwawa, sindibisa.

Tsono mapiritsi asiya, akuti matenda sali m'thupi mwawo, ali paphiri. Ananyamula mphasa ndi bulangeti n'kusamukira kukamsasa ka kudimba, kudambo kuja, poti unawauza kuti atalikirane ndi nsanja. Akugona pambali pa chopopera ndi mabotolo a mankhwala a mbatatesi, amene fungo lake limathamangitsa ndi makoswe omwe. Za mankhwala amenewo mnzako wa mauthenga uja sananenepo kanthu, eti?

Chisanu cha Juni ku Tsangano ukuchikumbuka, kapena unachiiwala pamodzi ndi njira ya kwanu? Akutsokomola. Dzulo m'mawa ndinawapeza dzanja lamanzere litachita dzanzi, akulephera kumanga chitenje. Ndinagwada pansi kuwapempha kuti tibwerere kunyumba, tipite kuchipatala. Anakana. Anati adikira kaye mawu ako.

Foni yawo anaiika m'mbiya n'kuvundikira ndi mbale, monga momwe unawalangizira, kuti mphepo ija isawakhudze. Tsiku lonse amakhala pambali pa mbiyayo, khutu lili tcheru. Pakapita kanthawi amavundukula, kuyang'ana, n'kuvundikiranso.

Kudambo kuja kulibe netiweki, Fabiano. Phiri limatchinga. Mwina wakhala ukuimba n'kumati nkhalamba yazimitsa foni, ine sindikudziwa. Ndawafotokozera mpaka kutopa, koma akuti mwana wawo akafuna kuwapeza amawapeza.

Dzana, ndikuwakolezera moto, anandifunsa motsitsa mawu kuti kodi Fabiano amulakwira chiyani kuti asiye kuimba, pamene zonse zimene ananena achita. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa msasa kuti asandione.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna bulangeti, sindikufuna shuga, ngakhale kupepesa kwako ndilibe nako ntchito. Nditsegulire foni, ujambule mawu ako n'kunditumizira, ine ndinyamule foni yanga ndikawatsegulire kudimbako kuti amve okha. Unene ndi pakamwa pako pomwepo kuti abwerere kunyumba ndipo ayambirenso kumwa mapiritsi. Za nsanja khulupirira zimene ukufuna, ukamange nyumba yako kuphanga ngati n'kotheka, koma amayi ndibwezere. Pakamwa pako ndi pamene panawatulutsa m'nyumba, ndipo sangamvere pakamwa pena.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Sibongile, umuuze kuti iye sindinamukwiyire. Mfundo ndi Atikonda uwauze kuti agogo awo amawatchula mayina m'pemphero tsiku lililonse, ngakhale kumsasako. Mulungu akusunge pantchito, akupatse moyo wautali, akuwonjezerenso ndi nzeru pang'ono.

Usachedwe, mlongo wanga. Ukachedwa, pali foni ina imene ndidzakuimbire. Idzadzera pansanja yomweyo, ndipo imeneyo udzaiyankha.

Ndine mlongo wako amene ndinakubereka kumsana,
Lufina