Piritsi la Bambo ndi Khofi Wowawa

Xela,
9 Marichi 2024

Okondedwa amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko, ndi bondo lanu lija lovuta kukazizira? Nanga bambo adzuka bwanji? Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugwira ntchito, koma mtima suli m'malo, ndiye chifukwa chake ndatenga cholembera m'malo mwa foni. Ndikaimba ndimauzidwa kuti muli kumtsinje kochapa, kapena kwa azakhali, kapena mwangotuluka kumene. Kasanu ndi kawiri konse, amayi. Zovala zake ndi za mudzi wonse kodi? Sindikukuimbani mlandu ayi, ndikudziwa chimene mukuthawa.

Iwe Candelaria, poti wowerengera amayi ndiwe, werenga zonse m'chiyankhulo chathu, usadumphe ngakhale mzere umodzi. Ndimakudziwa, ukafika pamene mkulu wako wayaluka udzafuna kundiveka. Usandiveke.

Kuno chisanu sichinathe, m'mawa madzi a m'ndowa amagwirana pamwamba. Anthu ayamba kale kunyika utuchi m'mitundumitundu woti adzayale m'misewu pa Sabata Loyera, moti aliyense mumsewu wathu manja ake ndi obiriwira kapena ofiira. Galu wa mayi Herlinda, eni nyumba imene ndikukhala, wadya nsapato yanga imodzi ya kuntchito. Mayiwo akuti ndi ine ndinamuputa poisiya pakhomo. Pano ndikuvala za mnzanga Nery, zimene zimandithina moti ndimayenda ngati bakha.

Koma nkhani yanga si ya nsapato.

Sabata yatha kuchipatala chathu kunabwera dokotala wina wamkazi, a Rosaura Cotom, ochokera kusukulu ya ukachenjede, kudzatiphunzitsa ife othandiza anamwino. Ndi mayi wamfupi, wovala nsalu zathu zomwezi, wolankhula motsitsa ngati akudzapempha mchere. Nditawaona ndinamunong'oneza Nery kuti awa atiphunzitsa chiyani, ife tabaya anthu jakisoni zaka zisanu ndi zinayi. Pakamwa panga mumapadziwa.

Tsiku loyamba anatifotokozera momwe mwana wa chifuwa angamwere mankhwala a mitundu itatu: awa kangati pa tsiku, awa asanadye, awa masiku angati. Atatha anafunsa ngati tamva. Tonse tinavomera, ndipo mawu anga ndi amene anamveka kwambiri. Anatitulutsa kuti tikamwe khofi ndi buledi. Titabwerera analoza ine, nati ndiyerekeze kuti ndine mayi wa mwanayo, ndafika kunyumba, ndiwauze chimene ndichite. Ndinaimirira chifuwa patsogolo. Amayi, mankhwala omwa katatu ndinawasandutsa a kawiri, a masiku asanu ndinati khumi, ndipo achitatuwo ndinaiwaliratu kuti aliko. Nery anati mwanayo akanakhala wake bwenzi atayamba kale kugula makandulo a maliro. Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ine nkhope ikuyaka.

Dokotalayo sanaseke. Anati chimene chandichitikira ndi chimene ofufuza a m'mayiko ambiri akhala akupeza. Amadikira odwala akangotuluka kwa dokotala n'kuwafunsa zimene auzidwa, ndipo amapeza kuti theka, mwina kuposa apo, latayika kale, ndipo zina zotsalazo munthu wazigwira mozondotsa. Si umbuli ayi, ophunzira nawo zimawachitikira, makamaka munthu akakhala ndi mantha. Anatinso akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka munthu anapeza zinthu ziwiri. Munthu amadziona ngati chinthu akuchidziwa mpaka pamene wauzidwa kuti achifotokoze. Ndipo amene chinthu amachidziwa bwino amaiwala momwe zinalili asanachidziwe, ndiye pophunzitsa amadumpha zina osaona kuti wadumpha.

Choncho anatiletsa kufunsa munthu kuti wamva. Anati funso limenelo aliyense amayankha eya, wina mwaulemu, wina mwamanyazi, wina pofuna kuthamangira basi. M'malo mwake tizimupempha atiuze tsiku lake la mawa momwe liyendere, kudzuka nthawi yanji, kudya nthawi yanji, mankhwala alowa pati. Zikasemphana, wolakwa ndi wophunzitsa.

Zonsezi ndinalemba m'kope mwaukhondo, koma mumtima ndimati ndi nkhani ya anthu ena. Ndisanamepo, ndinaganiza za inu. Ndinati eya, amayi anga ndi otero, amavomera asanamve. Mpaka pamenepo ndinali ndisanadzione.

Lachinayi kunabwera bambo wina wachikulire, a Nicomedes, osenza katundu kumsika. Ali ndi matenda a shuga, ndipo amamwa piritsi loyera lomwe lija amamwa bambo kwathuko. Anadandaula kuti dzuwa likangokwera amachita chizungulire, manja kunjenjemera, thukuta lozizira. Ine funso latsopanolo ndinalifunsa kuti dokotala aone kuti ndikulimbikira, osati kuti ndimayembekezera kanthu. Iwo anafotokoza kuti amadzuka kusanache, amamwa khofi wopanda shuga poti anamwino analetsa, amameza piritsi, kenako amasenza matumba a mbatatesi mpaka cha m'ma 10 koloko, ndiye amakhala pansi kudya totiya, zigumu zopyapyala za chimanga zija, ndi nyemba. Ndinawakalipira kuti piritsi limenelo silifuna m'mimba mopanda kanthu. Anandiyang'ana n'kuseka, nati:

“Mwana wanga, inu munati m'mawa, ine ndimamwa m'mawa. Zodya m'mawazo ndi za anthu a m'maofesi. Ife timadya tikatuluka thukuta, kapena kwanu kulibe munda?”

Amayi, kwathu munda uliko. Ndinawasiya bambowo m'manja mwa Nery n'kutuluka kuseri kwa thanki ya madzi.

Ndinakumbukira Okutobala, pamene ndinabwera kudzawatengera bambo kuchipatala, kumene anawapeza ndi shuga. Ndinakufotokozerani za mankhwala ndikumanga chikwama, basi ikuliza hutala kumsewu. Ndinati limodzi m'mawa uliwonse, osadumpha ngakhale tsiku. Zoti piritsilo limatsitsa shuga m'thupi kaya munthu wadya kaya sanadye, sindinanene. Kwa ine zinali zodziwikiratu, ngati kuti madzi amanyowetsa. Kenako ndinasonkhanitsa shuga yense wa m'nyumba, ndi zibuma zomwe za panela, shuga wa nzimbe wouma uja, n'kukazisiya kwa azakhali a Eusebia. Ndinafunsa ngati mwamva, munati eya, ndinakwera basi ndikudzitama kuti ndapulumutsa bambo anga.

Ine ndinakulira m'nyumba imeneyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinawaona bambo akutuluka mbandakucha ndi khofi yekha m'mimba, totiya atazimanga m'kansalu kuti akadye dzuwa likakwera. Nthawi zina womanga kansaluko ndinali ine. Ndinazidziwa kuposa dokotala aliyense wa m'dziko muno, koma zaka za m'tauni zinandiiwalitsa, ndipo sindinafunse. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo sindinadye ine, anadya ndi bambo.

Mu Januwale ntchito yothyola khofi itafika pachimake, iwo akukwera phiri ndi dengu, anagwa pakati pa mitengo. Akanapanda amalume a Isidro kuwabereka kumsana mpaka kumsewu, bwenzi kalatayi ili ya mtundu wina. Kuchipatala cha m'tauni ya Huehue anati shuga anatsika kwambiri. Ine nditafika sindinafunse kanthu, mlandu ndinali nditaugamula kale m'basi.

Candelaria, apa ndi pamene usadumphe.

M'khonde la chipatala, pamaso pa azakhali, amalume, alamu a Porfirio ndi anthu ena osawadziwa, ndinakunenani kuti mwina mumawapatsa mapiritsi awiri awiri, kapena mumasakaniza ndi zitsamba zanu zowawa. Ndinati mumangovomera ndi mutu koma simumva. Ndinati mukanawapha amuna anu. Inu munayankha kamodzi kokha, motsitsa, kuti munachita monga ndinakuuzirani. Ine ndinati ndiye vuto lake limenelo, simudziwa n'komwe kuti mwalakwa. Dokotala atabwera ndinamuuza m'Chisipanishi kuti amayi anga ndi osaphunzira, zinthu izi sazimvetsa. Ndinalankhula ngati simuli pomwepo, ngati zaka zonse mwagulitsa anyezi kumsika simunamvepo Chisipanishi. Munangokonza shawelo yanu n'kuyang'ana pansi.

Munanena zoona, amayi. Munachita monga ndinakuuzirani. Miyezi itatu simunadumphe tsiku, simunaonjeze, simunachepetse. Odwala amene ndimawaona kuno, ophunzira ndi osaphunzira omwe, wosamala mankhwala ngati inu sindinamuonepo. Amene anawagwetsa bambo m'munda ndi ine. Ndikulemba izi manyazi akundidya, ndipo pepala ili ndi lachitatu, awiri oyamba ndinawang'amba chifukwa ndimapezeka ndikudziikira kumbuyo.

Candelaria anandiuza pafoni kuti kuchokera tsiku limenelo botolo la mankhwala simulikhudza. Munaliika pamwamba pa kabati n'kunena kuti manja a mbuli asaphe munthu. Akuti bambo amamwa akakumbukira, tsiku lina awiri, masiku ena osamwa n'komwe. Akuti akumwa madzi osakhuta, aonda, ndipo bala la pachala chachikulu chakuphazi lakwana mwezi osapola. Candelaria amakhala kwa mwamuna wake kutsidya, sangabwere m'mawa uliwonse. Amayi, bala lotero kwa munthu wa shuga ndalionapo kumene limathera, ndipo ndili ndi mantha.

Zonsezi ndinawauza a dokotala Cotom, ndikulira ngati mwana. Sanandisisite. Anandipatsa kansalu kopukutira mphuno n'kunena kuti kulirako ndikalirire kwa amayi anga, iwo ndiwauze za wodwala. Atamva anati piritsilo liziyenda ndi chakudya chenicheni choyamba, lizimangidwa m'kansalu limodzi ndi totiya, bambo azilimeza akayamba kudya kumunda. Anati aziyenda ndi kachidutswa ka panela m'thumba, akamva kunjenjemera kapena chizungulire adye msanga. Ndiye panela uja ndinalanda abwerere. Za bala anati lisadikire, sabata yomwe ino akalionetse kuchipatala cha kwathu, ndipo komweko akanene za kadyedwe kawo kuti aone ngati mlingo kapena mtundu wa mankhwala usinthe.

Taonani, ndayambanso kulamula. Chizolowezi sichifa msanga. Izi musazilandire chifukwa zachokera kwa dokotala. Amene mumadziwa tsiku la bambo ndi inu, ndiye mumuuze Candelaria pamene zikukanika. Dokotalayo anandifunsa ngati bambo amasala kudya Lachisanu nyengo ino ya Lenti, chifukwa tsiku losadya piritsi limeneli n'loopsa. Kale ankasala mpaka masana, koma pano sindikudziwa. Sindikudziwanso kuti tsiku la msika amadya nthawi yanji, kapena akapita kukathandiza kumunda kwa amalume amadya chiyani. Mwana wawo, wa yunifolomu yoyera, sindikudziwa. Inu mukudziwa zonsezi osaganiza n'komwe.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Tsitsani botololo pakabati, likhalenso m'manja mwanu. Bambo samvera ine, samvera Candelaria, ndipo iwo eni amaiwala ndi pamene asiya chipewa. Zaka makumi atatu ndi zisanu chilichonse cholowa pakamwa pawo chadutsa m'manja mwanu.

Ndapempha tchuthi cha masiku anayi pa Sabata Loyera, ndibwera Lachitatu ndi basi ya m'mawa. Ndinakunyozani pagulu, ndiye kupepesa kwa m'kalata n'kosakwana. Ndidzaitana azakhali, amalume ndi alamu, onse amene anali m'khonde lija, ndipo ndidzanena m'chiyankhulo chathu, ndili chiimire, kuti wolakwa anali ndani. Mukadzafuna kukhala chete mudzakhale chete, sindidzakukakamizani kuvomera. Mwandivomera mokwanira.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze asalowe m'matope ndi phazi limenelo. Kwa amalume a Isidro, amene sindinawathokoze n'komwe chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kukalipa, muwauze kuti msana wawo ndiukumbukira moyo wanga wonse. Moni kwa azakhali a Eusebia, kwa alamu a Porfirio ndi ana, ndi kwa iwe mng'ono wanga, zikomo powerenga mpaka pano ngati sunabe.

Kundikhululukira musafulumire nako, amayi, ine nditha kudikira mpaka chaka chamawa. Koma bambo adzuka mawa lomweli kupita kumunda, ndipo wowamangira kansalu ndi inu.

Ndine mwana wanu woyamba, wapakamwa uja,

Fermina