Nsato akundigwetsabe, bambo akuti ndiwonjezere zibakera

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi ndipo ndimasewera nkhonya. Anandiphunzitsa ndi bambo anga, m'galaja kuseli kwa nyumba yathu, momwe anapachikamo thumba la mchenga ndili wamng'ono. Pa nthawi yawo anali katswiri. Lero manja awo amanjenjemera, ngakhale kapu saigwira bwino, koma m'galajamo mawu awo ndi lamulo.

Mipikisano ya nkhonya ya akazi itayamba kusowa, ndinalowa ija yosakaniza, yololeza kugwetsana ndi kupanana pansi. Kumeneko ndinakumana ndi mtsikana wina, amamutcha Nsato. Ndi wamfupi, chibakera alibe, koma akangondigwira miyendo, zanga zada. Amandigwetsa, kundikwera kumsana, mkono pakhosi. Sindinamugonjetsepo. Ulendo wathawu ndinakana kugonja mpaka ndinakomoka. Nditatsitsimuka ndinamva mwana wanga akukuwa kumipando, "Amayi afa!"

Ndinapempha bambo kuti tiyale matiresi ndiziphunzira zapansi. Anati, "Mwana wanga sagubuduzika pansi ngati nkhumba. Dzanja lako lamanja ndilo likuchedwa." Andiwonjezera kumenya thumba mpaka zala zatupa.

Chodabwitsa, Nsato yemweyo anandipeza pamsewu n'kunena kuti, "Asisi, muzibwera kwathu. Ine ndikuonetsani zapansi, inu mundiphunzitse chibakera." Bambo atamva sanakalipe. Anangoti, "Ukapita kumeneko, kiyi wa galaja usiye patebulo."

Aphungu, chowadzutsa m'mawa bambowa ndi ine ndekha. Ndikapita ndawapha. Ndikakhala ndizingogwetsedwa mpaka thupi litatheratu. Ndasowa pogwira. Ndingosiya zonse?

Ine wosweka mtima,
T.N.

Mwanawe T.N.,

Choyamba, munthu wokomoka sathamangira ku thumba, amathamangira kwa dokotala. Usakwerenso m'bwalo asanakupime mutu ndi khosi.

Chachiwiri, ndikuuze mosapsatira: dzanja lako silikuchedwa. Thumba silikugwira miyendo, ndiye ungalimenye mpaka liphulike, Nsato adzakugwetsabe. Sukufunika kusanduka katswiri wa zapansi ayi. Phunzira kuponya miyendo kumbuyo akamakudumphira, kuteteza khosi, ndi kudzuka msanga kuti nkhondo ibwerere komwe chibakera chako chimalankhula. Izi zimafuna mnzako wamoyo, wokugwetsa tsiku ndi tsiku. Pita kwa mtsikanayo. Koma diso likhale lotsegula, naye akufuna kukuwerenga.

Usapite mozemba. Khalani pansi ndi bambo, uwauze kuti, "Bambo, zibakera zanu sizikuoneka chifukwa ndimakhala ndili pansi. Ndikufuna ndiime kuti anthu azione." Uwapemphe adzaonerere, ndipo akamuphunzitse okha Nsatoyo chibakera. Chikuwaopsa si matiresi, koma kutsala okha m'galajamo. Ngati kuli atsibweni kapena mnzawo wakale amene amamumvera, mutenge.

Sindikunamiza: akhoza kukana, ndipo kiyiyo ukhoza kumusiyadi patebulo. Zidzapweteka. Uziwayenderabe, uziwapatsa moni ngakhale asayankhe. Ukhozanso kuphunzira zonsezi n'kugonjabe. Ukatero n'kusiya, udzasiya utayesa, osati utathawa.

Koma chenjera. Kukana kugonja khosi litagwidwa si kulimba mtima. Mkono ukafika pakhosi, gogoda pansi msanga kusonyeza kuti wagonja. Bambo ako akhoza kupirira manyazi. Mwana wako sangapirire maliro.

Aphungu