Mwana wanga watsonya apongozi, watsonyanso aphunzitsi

Aphungu,

Ndine wometa. Tsiku lonse ndimagwira mitu ya anthu aulemu wawo n'kumawalamula kuti, "Musagwedezeke, bwana." Apolisi amandimvera, abusa amandimvera. Koma mutu wa mwana wanga wobala ndekha wandikanika.

Mnyamatayu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zinayamba kumayambiriro kwa chaka chatha ndi kuphethira pafupipafupi. Ndinati ndi fumbi, n'kumugulira mankhwala odonthezera m'maso. Kuphethirako kutatha ndinayamba kudzitama kwa makasitomala kuti ndikanapitiriza sukulu bwenzi pano ndili dokotala. Sipanapite nthawi, anayamba kuponya mutu kumbali ngati akuthamangitsa ntchentche. Tsiku lina anauponya makina ali pakati pamutu, ine n'kulambula msewu mpaka kukhutu. Ndinangomumeta mpala. Anthu atamuona anagwirizana kuti bambo ake anali atalawa.

Tsopano kwabwera chachikulu, kutsonya. Amatsonya akudya, amatsonya tikupemphera. Apongozi anga aakazi atabwera kudzationa anamupatsa malaya atsopano. Analandira, kuthokoza bwinobwino, kenako n'kutsonya mokweza. Apongozi anangoti, "Kwathu kulibe zimenezi," maso ali pa ine.

Mukudziwa kuti aliyense wokhala pampando wometera amasanduka katswiri. Dalaivala wa minibasi anati ndi njoka za m'mimba, tinamumwetsa mankhwala. Wosoka nsapato anati ndi foni, ndinamulanda mwanayo foniyo. Mkulu wina ananong'ona kuti alipo amene sakondwa ndi shopu yanga, ndipo ndinasiya kupereka moni kwa wometa mnzanga wa kutsidya kwa msewu, munthu amene amandibwereka jenereta magetsi akazima. Ndalonjezapo njinga, ndakalipapo, mbama nayo inatulukapo. Chodabwitsa n'choti ndikamamuyang'anitsitsa m'pamene zimanyanya.

Mayi a mwanayu atatopa nane anati, "Inu mumaswera pagalasi koma simudziona. Mukamameta mumanyinda mphuno ngati mbewa yanunkhiza mtedza." Ndinakadandaula kwa mayi anga kuti mpongozi wawo wandinyoza. Iwo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Iwe uli mwana unkangokhosomola wopanda chifuwa, anzako ankakutcha Nkhosa." Ndiye kuti bambo mbuu, mwana mbuu?

Chandilembetsa ndi ichi. Ahedi anandiitanitsa. Akuti mwanayu amatsonya aphunzitsi ake phunziro lili m'kati, amupatsa zibalo koma sakusintha, ndipo akapitiriza ndimufunire sukulu ina. Ine amene pakamwa panga sipapuma ngati wailesi ndinangoti, "Chabwino, bwana," chipewa chili m'manja. Tikubwerera, mwanayo anati, "Ababa, ndimayesetsa. Ndimazigwira mpaka pakhosi kuwawa, koma zimatuluka zokha. Mwina ndingosiya sukulu, anthu apume."

Aphungu, mwana wanga sadziwa mwano, ndikumudziwa. Nanga n'chiyani chimenechi? Ndikawauze chiyani ahedi?

Ine W.M., wometa wa kuseri kwa depoti

---

A W.M.,

Yambani ndi kukapereka moni kwa mnzanu wa jenereta uja. Sanalodze munthu.

Ine si dokotala, ndipo ndikuona kuti madokotala akwana kale m'shopu mwanumo. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lodziwika bwino mwa ana, limene thupi limachita lokha tizinthu tobwerezabwereza: kuphethira, kuponya mutu, kukweza phewa, kukhosomola, kutsonya. Achipatala amati matiki. Si mwano, si misala, ndipo sapatsirana. Amakonda kuyenda m'banja, kotero mphuno yanuyo ingakhale ndi mbali yake, koma umenewo si mlandu. Amabwera n'kupita, ena akatha ena n'kuyamba, ndiye mankhwala anu a m'maso aja asalandire ulemu umene sanaugwirire ntchito. Nthawi zambiri amakula mwana akamayandikira zaka khumi kapena kupitirira pang'ono, kenako mwa ana ambiri amachepa akamasinkhuka.

Yesani kugwira chiyetsemulo pamaso pa kasitomala. Mungathe kwa kanthawi, koma chituluka basi. Ndi mmene mwana wanu akumvera tsiku lonse. Mantha, kutopa ndi maso a anthu zimawonjezera vutoli. Choncho mbama, zibalo ndi njinga yolonjezedwa pa chinthu chimene sangathe kuletsa, zonsezo zithe lero. Akatsonya, pitirizani zimene mumakamba ngati palibe chachitika. Azigona mokwanira, azisewera mpaka thukuta. Ndipo mukhale naye pansi mumuuze mawu amene akuwadikira: mwamukhulupirira, sanalakwe, sukulu sasiya. Muuzeninso za Nkhosa uja. Mudzachita manyazi pang'ono, koma iye adzadziwa kuti munthu amakula nazo n'kukhala ndi shopu yakeyake.

Popeza zadutsa chaka ndipo zikukhudza thupi ndi mawu omwe, pitani naye kwa dokotala wa ana. Akamuyeze, atsimikize kuti si matenda ena. Mukanene zonse, ngakhale ngati amavutika kukhazikika m'kalasi kapena amada nkhawa kwambiri, chifukwa zimenezi zimayendera limodzi kawirikawiri. Funsani ngati alipo wophunzitsa ana kuzindikira kuti zikubwera n'kuzibweza ndi kachitidwe kena kosaonekera. Mankhwala aliko, koma ndi a pamene vuto lafika popweteka kapena polepheretsa mwana kukhala bwino, ndipo wosankha ndi dokotala, osati dalaivala.

Kwa ahedi mubwerereko musanayitanidwenso, mayi a mwanayo ali pambali panu, mawu a dokotala ali m'manja. Ulendo uno chipewa chivuleni mwaulemu, koma pakamwa patseguke. Pemphani kuti zibalo zilekeke, mwanayo akhale pamalo posayang'anidwa ndi kalasi yonse, ndiponso aloledwe kutuluka pang'ono zikamuthina. Aphunzitsi akasiya kukwiya, ana anzake nawo amasiya kuseka. Wokawafotokozera apongozi akhale mwana wawo, akazi anu. Kwa inu angayese mukudziteteza.

Chenjezo langa ndi ili. Akagwa, akakomoka, akamangoti ndwii osayankha, akayamba kudzipweteka, kapena zikasintha mwadzidzidzi atadwala malungo kapena zilonda zapakhosi, musadikire tsiku lopuma, thamangirani kuchipatala. Komanso musasandutse nyumba yanu wodi, inu n'kukhala namwino wamkulu. Mukaweruka madzulo musalowe ndi funso loti lero watsonya kangati. Mufunseni ngati wagoletsa chigoli, kenako mumvetsere yankho lake mpaka amalize.