Motoka ya Mipando Iwiri

Lolemba, 5 Ogasiti

Marimu a matayala afika. Asiliva, onyezimira moti ndinadziona mano. Evaristo wawamanga masana ku garaja kwake, ine ndili chiimire pambali ngati mlonda. Masipiling'i tinadula kale, ndiye motoka yanga, Altezza, yagona pansi zenizeni, pakati pa bampa ndi dothi pangolowa chibakera. Pa mahampu a mu Katete ndimadutsa chammbali, pang'onopang'ono, anjinga akundipitirira uku akuseka. Aseke. Sho ya magalimoto ili pa 17, pabwalo la mpira. Kubwera a ku Chipata, a ku Petauke, ena akuti mpaka a ku Lusaka. Chaka chatha ndinabwerako chimanjamanja. Chaka chino ayi.

Kumbuyo kulibenso mpando. Ndinachotsa mu Juni. Pamalo pake pali bokosi la masipika, lokutidwa ndi kapeti yofiira, timagetsi tabuluu m'mbali. Ndikatsegula nyimbo, malata a oyandikana nawo amayankha.

Mkazi wanga Fridah wandikumbutsanso za amayi ake. Madokotala a maso abwera kuchipatala, ndipo aNambewe akufunika Loweruka m'mawa. Ng'ala maso onse awiri, chaka chachiwiri tsopano osaona. Wokawatenga ku Vubwi Lachisanu ndine. "Mpando uja mubwezere, amayi sangakhale pambali panu," watero. Ndamuuza kuti ndibwereka vani ya Evaristo. Nkhani yathera pomwepo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Kutsuka, kupaka polishi, kutsukanso. Za vani Evaristo akuti, "aTicha, musadandaule."

Fridah sakunama. Chikwatire chake sindinakhalepo mphasa imodzi ndi apongozi anga. Kale akuona, tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kunjuta kwinaku nkhope kumbali. Moni timapatsana ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Zoti mkamwini amatero ndimaphunzitsa ndine ku Giredi 9 pa phunziro la Chinyanja, ana n'kumalemba m'makope.

Koma kubwezera mpando ndiye kuphwasula bokosi lonse, mawaya, kapeti, zonse. Sho isanachitike? Sindingathe.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Vani yapita ku Lusaka ndi soya. Evaristo anaiwala.

Ya hayala inalipo, sindikana. Pasiteshoni zangoti mbwee. Koma ku Vubwi konse anamva kuti mkamwini wa aNambewe ali ndi motoka yakeyake, ndiye ndikatulukire pa ya munthu? Komanso, poti muno ndimalemba ndekha, ndikufuna ndione ngati ingafike. Ikafika ku Vubwi n'kubwerako ili chigonere pansi chonchi, a ku Chipata anena chiyani?

Zokhala ndiona konko. Fridah sindinamuuze.

Loweruka, 10 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Dzanja linakana.

Ndinanyamuka kukucha, ndinamuuza Fridah kuti ndikukatenga vani ku garaja. Njira ya ku Chadiza, fumbi, miyala. Pansi pa motoka kumangoti khoo, khoo, mtima wanganso chimodzimodzi. Kumudzi sindinafike. Njira ya ngolo ija ili ndi msana pakati, ndikanapachikika. Ndinaima kumsewu, ndinaimbira mlamu wanga Evelyn, mng'ono wake wa Fridah, kuti abwere nawo.

Anabwera nawo pa ngolo ya ng'ombe. Apongozi avala chitenje chatsopano ndi duku ya kutchalitchi, kachikwama pamiyendo. Evelyn anatsika, anasuzumira m'motoka, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ananong'ona kuti, "Alamu, amayi akhala pa wailesi?" Kubwerera kukasaka ina, tsiku likanatha, malo kuchipatala n'kupita. Evelyn anabwerera pangolo, ndinamumva akukweza mawu: "Amayi, alamu atumiza dalaivala wa hayala. Koma ali ndi chimfine, mawu anatha." Ine ndinatsokomola. Ndinatsokomola ndithu, munthu wa dipuloma.

Anawakhazika kutsogolo, pambali panga. Evelyn anatsala, akuti abwera mawa lake pa njinga yamoto. Ndikasintha giya chigongono changa chimakhudza chitenje chawo. Thukuta.

Ndiye anayamba kucheza, poti ndine mlendo. Sindinawamvepo akulankhula momasuka chonchi. Amaseka ngati Fridah. Anati galimoto yangayi bwanji ikukhala ngati takhala pansi. Anandifunsa ngati ndili pabanja, ndinawomba kachiwongolero kawiri, anati ndiye kuti eya. Kenako za ine. "Bambo a Diana ndi munthu wa mwambo. Akanatha kubwera okha, galimoto ali nayo, koma adziwa kuti ine ndi iwo sitingakhale pamodzi." Anati kumudzi ena amanena kuti mkamwini wawo amaseweretsa galimoto ngati mwana, iwo amawayankha kuti ndi nsanje. Anatinso akuopa mpeni m'diso, sagona, koma ana awo sanawauze kuti angadandaule.

Bola akananditukwana.

Titapitirira Chadiza anati ndiime, akataye madzi. Pamalo popanda nyumba. Ndinaima, ndinadikira kuti mwina padutsa mayi wina. Palibe. Njinga imodzi ya bambo wa makala basi. Anati, "Adalaivala, zavuta." Ndinazungulira, ndinatsegula chitseko, ndinawagwira dzanja. Dzanja lopepuka, lokhakhala. Ndinawalondolera kuseri kwa chulu, ndikukankha minga ndi nsapato. Ndinatembenuka kuti nditalikire, anati ndisapite patali angagwe. Ndinaima pomwepo, msana kwa iwo. Atatha chitenje chinakodwa paminga, ndinachita kuwawonjola ndine. Pobwerera kumotoka anati, "Mulungu akudalitseni. Bola ndinu mlendo, sitidzaonananso."

Pageti la chipatala Fridah anali akudikira. Evelyn anali atamuimbira kale. Anawatsitsa amayi ake, ananena mokweza kuti, "Zikomo adalaivala," osandiyang'ana. Madzulo ndinapita kuwodi ngati mkamwini, ndinanjuta pakhomo, ndinawomba m'manja, ndinafunsa ngati ayenda bwino. Anathokoza chifukwa chowasankhira dalaivala waulemu.

Za pachulu Fridah sakudziwa. Evelyn sakudziwa. Asadziwe munthu, makamaka iwo eni ake. Ine manyazi ndi anga, ndawafuna ndekha. Koma iwo atadziwa kuti dzanja lija linali la mkamwini, angayende bwanji pakati pa anthu?

Opaleshoni yachitika lero m'mawa, diso lakumanja. Yayenda bwino.

Lolemba, 12 Ogasiti

Bandeji achotsa. Akuona! Fridah akuti anayamba ndi kuyang'ana zikhatho zawo, kenako anamugwira Diana kumaso, anati kodi mwanayu anakula liti. Fridah analira, Evelyn analira. Ine ndinamvera panja.

Diso lamanzere ndi Loweruka la pa 24, madokotala asanabwerere kwawo. Akapita, mpaka chaka chamawa, mwinanso ayi. Ndiye apongozi akhala kwathu kudikira. Ine ndikudyera kukhitchini, ndikulowera khomo lakumbuyo, monga mwa mwambo. Mwambo ndikuusunga bwino kwambiri sabata ino.

Motoka ndabisa ku garaja. Sampu ya pansi pa injini inaphwanyika pang'ono, oilo akudontha, bampa yakalika. Evaristo anagona pansi, anayang'ana, anati, "Mpaka ku Vubwi? aTicha ndinu oopsa." Ndinamva kukoma. Ndikulemba kuti ndinamva kukoma.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Apongozi apatsa Fridah mtedza wa m'kachikwama kawo ndi mandimu, akuti ndikapereke kwa dalaivala uja, azimwa mandimuwo ndi madzi otentha. Fridah wandiikira patebulo. Ndawaika mu buti. Kudya sindingadye, kutaya sindingataye.

Fridah akulankhula nane za mchere ndi makala basi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Lero walankhula. Tinali kuseri, iye akuyanika zovala. "Chaka chino sho isiyeni. Amayi apite kaye." Ndinati bwalo lili kutali ndi nyumba, amayi satuluka chifukwa cha fumbi, motoka ichokera ku garaja n'kubwerera ku garaja. Ndinati ndavutikira chaka chonse. Anati, "Robson." Dzina langa lenileni, chimene sachita. Anatola beseni n'kulowa.

Mwina akunena zoona. Koma penti yakhala bwino, bampa Evaristo waiwongola osaoneka n'komwe. Wa ku Chipata amene anawina chaka chatha akuti wayika zitseko zotsegukira m'mwamba. Tionana.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndawina. Nambala wani pa motoka zogona pansi, nambala thuu pa masipika. Chikho chachikulu, cha makutu awiri.

Ndilembe mmene zinayendera, ndisadzinamize pambuyo pake. Oweruza anazungulira, anayeza mpata wa pansi ndi tepi. Ine ndi wa ku Chipata tinafanana. Mmodzi anafunsa ngati motokayi imayenda pamsewu kapena ndi yongoonetsa. Palibe anandikakamiza. Pakamwa panga panatseguka pokha: sabata yatha inafika ku Vubwi kukatenga apongozi anga, n'kubwerako. Wa pa maikolofoni anazitola, anazibwereza katatu, bwalo lonse linakuwa. Ndinakweza manja.

Kenako anzathu a kilabu ya magalimoto anati wowina timamuperekeza mpaka kwawo, ndi mmene timachitira. Ndinati tipite ku garaja. Mawu anga anamira m'mahutala. Ndikanatha kuzimitsa injini n'kukana. Koma ndinali kutsogolo kwa mzere, chikho chili pampando, ana akuthamangira m'mbali, amayi a pamsika akuimika malonda. Ndinadziuza kuti apongozi akhala ali m'nyumba.

Anali pakhonde. Magalasi akuda a kuchipatala kumaso, akusenda nyemba ndi Fridah. Ndinaona Fridah akuimirira, nyemba zikukhuthuka.

Evaristo, mtima wake woyera, anatsika ndi chikho, anathamangira pakhonde, anagwada. Anati, "Amayi, chikhochi ndi chanunso! Ndinu munaiyesa motokayi kuchoka ku Vubwi, pa fulonti siti, aTicha akuyendetsa." Za chimfine ndinali ndisanamuuze.

Apongozi anavula magalasi. Anayang'ana motoka, anayang'ana mkati, mipando iwiri. Kenako anandiyang'ana ine, kumaso, koyamba chikwatire. Sanakalipe. Anakoka chitenje, anadzifunda kumutu, anapapasa chitseko ngati sakuonanso, analowa. Kunja nyimbo zikugunda, anyamata akuvina pafumbi.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi sitinapite. Chitseko cha kuchipinda kwawo chotseka. Phala labwerera, tiyi wabwerera. Mankhwala a m'diso akulola Evelyn yekha kuwadontheza.

Masana ndinamva akulankhula ndi ana awo motsitsa, nthawi yaitali. Fridah anatuluka maso ali ofiira, anandipeza pansi pa mango. Anati, "Munawaimika pachulu?" Ndinati eya. Anakhala pansi padothi, osati pafupi nane. Anati iyenso ndi wolakwa, anati zikomo adalaivala ndi pakamwa pake. Sindinathe kumuuza kuti ayi.

Mafoni akungolira, anthu akuyamikira. Chithunzi changa chili m'magulu onse a pafoni, ndikuseka mano onse panja. Ahedi atumiza uthenga kuti ndakweza dzina la sukulu. Chikho chili pansi pa bedi.

Lolemba, 19 Ogasiti

Apita. Evelyn wawakweza basi ya ku Chipata, akakwera ina ya ku Vubwi kumeneko. Anatuluka atafunda kumutu, ine ndili kukhitchini. Sanatsanzike.

Fridah anawagwadira pasiteshoni, anawakumbutsa za Loweruka. Akuti anayankha kuti, "Diso linalo lisiyeni. Ku Katete sindidzapondakonso, bwalo lonse linamva." Fridah anati anthu anangomva za ulendo, za panjira sadziwa. Amayi anati iwo eni akudziwa.

Nesi akuti ng'ala ya kumanzere inakhwima kwambiri, siyofunika kudikira chaka china.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndagula tambala pamsika, wamkulu. Maganizo anga: ndikwere basi mawa, ndikapeze ankhoswe athu a mbali zonse, ndikagwade pabwalo, ndipepese monga mwa mwambo. Akandilipitsa mbuzi ndilipira. Akakhululuka, Loweruka tikhoza kufika nawo pa motoka ya hayala, ine ndili pa ina. Ndinamva mtima kupepuka koyamba sabata ino. Ndinameta ndevu.

Fridah anayang'ana tambala, anandiyang'ana ine. Anafunsa mofatsa, "Ankhoswe akakufunsani kuti munalakwa chiyani, muwauza chiyani?"

Ndinati ndinena za mpando. Anati za mpando amayi akanaseka n'kuiwala, ankhoswe adzafuna kudziwa chimene chawaletsa kudya. Ndipo ankhoswe a kwawo ndi amalume ake, mlongo wawo wa amayi. Panopa akudziwa ndi anthu anayi. Ndikapita kukapepesa, mudzi wonse.

Ndiye kupepesa sindingapepese. Ndakhala pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka, kusaka njira ina. Palibe. Ndinaimbira Evelyn, anati amayi akusesa pabwalo, akuti ali bwino, asavutitsidwe.

Tambala ndamumasula, akuyendayenda panja. Loweruka nesi adzatuluka pakhonde la chipatala, adzaitana dzina lawo, kawiri, mwina katatu, kenako adzaitana dzina lotsatira.