Ukafunse za Agogo Melina ku Nkhoma

Glen Norah, Harare
Julayi 2005

Yoramu mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko, ndipo malungo anakugwira aja anakusiya. Ine ndilipo. Amayi alipo, koma chifuwa chawakhazika pansi. Za nyumba usafunse, nyumba kulibe.

Kanyumba kathu ka kuseri kaja aboma anakagumula pamodzi ndi tonse ta mumsewu wathu. Anthu kuno akungoti tsunami. Ndinapulumutsa bedi la amayi, mbaula ndi makina osokera. Mabuku anga a ku yunivesite ali pansi pa njerwa, ndipo sindikawafukula. Ndinaloweza mafumu a ku Ulaya mpaka fizi inandithamangitsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe wabwera kudzatifunditsa bulangete.

Tsopano tikugona m'tchalitchi mwathu, mabanja ambirimbiri pakati pa mabenchi. Apolisi anati pakutha pa mwezi uno abwera ndi malole. Aliyense atchule kumusha kwake, ndiye kuti kumudzi kwawo, akamutule kumeneko. Wopanda kumusha apita ku msasa wa kufamu, kumene anthu akugona panja m'chisanu chino. Chifuwa cha amayi sichingapirire kumeneko, iwenso ukudziwa.

Wapolisi wina ataona pa chitupa cha amayi mawu aja akuti ndi mlendo, anafunsa moseka ngati Mabhurandaya, dzina lija amatinyoza nalo ife Achewa, nawonso amakhala ndi kumusha. Munthu wobadwira pafamu ku Banket, amene anathyola fodya wa dziko lino mpaka msana kupindika. Ndinamuyankha m'Chishona chabwino kuposa chake, mpaka abusa anandikoka mkono.

Uthenga wako unafika. Akuti kwao kwa malemu bambo ku Dowa anakuphera nkhuku, anakuonetsa manda a makolo, kenako anakuuza mwaulemu kuti malo athu kulibe. Ndinawatukwana anthu amenewo tchalitchi chonse chikumva. Amayi anandisiya ndimalize, kenako anati anthuwo sanalakwe.

Ife tinakulira pakati pa Ashona, kumene wamasiye ndi ana ake amapita kwao kwa mwamuna. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake. Kwathu ndi kumene anachokera agogo Melina, amayi awo a amayi. Unakwera basi ulendo wonsewo kukapempha malo kwa anthu amene kwa iwo ndife alendo.

Vuto ndi lakuti amayi mudziwo saudziwa. Agogo anamwalira iwo ali kamwana, ndipo chimene amakumbuka ndi nyimbo imodzi yopuntha chimanga basi.

M'chipinda cha abusa, kuseri kwa matumba a ufa wachithandizo, muli thiranki la mabuku akale, a nthawi imene aphunzitsi a mishoni ankatsatira anthu athu m'mafamu ndi m'migodi. Abusa poyamba anakana, akuti mabukuwo sagwiridwa ndi munthu amene si mkulu wa mpingo. Ndinawafunsa ngati makoswe amene adya theka lake anadzozedwa liti ukulu. Sanaseke, koma kiyi anandipatsa.

Ndatsegula tsamba ndi tsamba, manja ali bii ndi nkhungu. Ndawapeza. Melina Nambewe, mwana wa Esinati, analandiridwa mu 1951 ndi kalata yosamukira yochokera ku mishoni ya ku Nkhoma, kumene anabatizidwa ali mtsikana. Pamene panalembedwa mudzi wawo ndi pomwe makoswe anayambira. Ndinakhala pansi ndi bukulo pamiyendo, ndikuyang'ana chibowo.

Tsono mvera, Yoramu. Amene anabatiza munthu analembanso mudzi wake. Upite ku Nkhoma, ukapemphe mabuku a ubatizo a zaka za m'mbuyo mwa 1951. Dzina la bambo usalitchule n'komwe, silikuthandiza. Ukafune Melina mwana wa Esinati. Uvale malaya a kolala, ndipo Chishona chako chija uchisiye pachipata. Akakuuza kuti ubwere mawa, ugone pakhonde pomwepo.

Ukaudziwa mudzi, upiteko, ukafunse mwini mbumba, ndiye kuti malume wamkulu wa banjalo. Usakapemphe munda. Ukapemphe poika kanyumba, ndi malo kumanda tsiku likadzafika. Ine kupempha ndimadana nako, ukundidziwa, koma ukagwade m'malo mwanga.

Pali china. Tafara, mnyamata wa ku mafakitale a ku Workington amene wakhala akundifuna uja, anabwera atavala jekete la ukwati wa mkulu wake. Akuti anditenge kwao ku Murehwa ngati mkazi wake, pakuti kumusha iye ali nako. Nditafunsa za amayi, anayamba kuyang'ana nsapato zake, akuti kwao sangamvetse mtengwa wobwera ndi mayi ake. Ndinamuuza kuti akabweze jeketelo lisanade.

Amayi anamva zonse. Akuti ndine wouma mutu ngati bambo, ndipite ndi Tafara, iwo akwera lole okha. Dzulo ndinapeza atapereka makina osokera kwa Mai Rumbi a pa benchi yoyandikana nafe, ndipo ndinachita kukalanda. Lero apereka mbaula. Munthu akayamba kugawa katundu chonchi, sindifuna womasulira.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Lilongwe kuti ifike msanga. Ukapeza dzina la mudzi, uimbe pa foni ya abusa nthawi yomweyo, ngakhale usanaupondeko. Ndikufuna wapolisi uja akadzandifunsanso, ndidzamutchulire mudzi, mfumu yake ndi boma lake. Lole ikabwera ndikwera ndi amayi, zivute zitani. Kumene tikatsikire kuli m'manja mwako.

Mulungu akutsogolere pa njira ya ku Nkhoma, ndipo makoswe a kumeneko akhale okhuta. Amayi akuti uzifunda. Upereke moni kwa amene akukusunga. Ukawapeza abale a agogo, uwapatsenso moni, uwauze kuti wachokera kwa Lidia, mwana wa Iris, mwana wa Melina, mwana wa Esinati. Akuti kumeneko amawerenga chonchi.

Ndine mlongo wako,
Lidia