Saida ndi Makina Ovinira a pa Thuchila

Thuchila, Mulanje

Okondedwa achimwene Osman,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko, inu, alamu ndi ana? Msana uja unasiya? Kuno tili moyo, alihamdulila, kungoti mvula yatikwana. Phiri sitinalione sabata yathunthu, ndipo mananazi akundiwolera pa benchi. Ndalemba papepala n'kujambulitsa pa foni, chifukwa tikamalankhulana mumandidula mawu.

Uthenga wanu a Morris, oyendetsa minibasi aja, anafikitsa. Akuti mwamva kuti Saida wanga akuvina pagulu kwa Mackson, ndiye monga mwini mbumba mwalamula kuti Loweruka likubwerali amutenge akakhale kwa azakhali ku Muloza, sukulu akapitirize komweko. Ndamva. Koma amene anakuimbiraniyo anakuuzani mbali imodzi.

Kwa Mackson si ku bala ayi, ndi kashopu. Iye anagula makina akale ku Joni konko: kanema wamkulu, pansi chitsulo chokhala ndi mivi inayi. Nyimbo ikamalira mivi imakwera pa kanema, ndipo wovinayo aponde muvi wofanana nawo pa nthawi yake. Ukachedwa pang'ono amakudula mapointi, makinawa alibe chibale. Ovinawo ali ndi gulu lawo, atsikana, anyamata, ngakhale aphunzitsi a pulayimale, ndi malamulo awo. Mowa ayi, kutukwana ayi, ndipo nsapato zimatsala pakhomo chifukwa matope a kuno amapha mabatani.

Mwaiwala mmene mwanayu analili bambo ake atamwalira? Zaka ziwiri, achimwene. Ukamufunsa kanthu, kugwedeza mutu basi. Tinapita naye kuchipatala, tinapita kwa a shehe, koma mawu ake anali ongonong'ona, mpaka ena ankati wagwidwa ndi majini.

Tsono ndiulule. Nanenso nditamva mphekesera ndinapsa mtima. Lachitatu lina masana ndinasiya benchi, n'kuthyola kamtengo ka bulugamu, ulendo kwa Mackson. Ndinapeza magetsi azima, ndimvekere bola, Saida ndikamupeza yekha. Ayi ndithu! Magetsi akazima iwo amayala makatoni pakhonde, kujambulapo mivi ndi makala, ndiye mmodzi amakhala ngati makina, kumaitana mapazi pamtima.

Anthu khumi ndi awiri akuponda limodzi, di! di! di! ndipo wina akukuwa kuti kumanzere, kumanzere, kutsogolo, lumpha! Mawu akuthwa, omveka mpaka pa chigayo. Pakhonde panadzaza, sindinkaona bwino, ndiye ndinafunsa mayi wina kuti akukuwayo ndani. Anandiyang'ana ngati ndapenga, ati mwana wanu yemwe simukumudziwa?

Kamtengo kaja ndinakabisa kumbuyo, kenako ndinakaponya mu ngalande. Ndinalira, sindikubisirani. Nyimbo makumi atatu ali nazo m'mutu, muvi ndi muvi. Ndinamumva akuuza mphunzitsi wina, chimunthu chandevu, kuti aphunzitsi phazi lamanja mwachedwa nalo, iwo n'kupepesa!

Chachiwiri n'chachikulu. Mwezi watha ku Blantyre kunali mpikisano wa gemu imeneyi, ndipo ndinamuperekeza ndekha osakuuzani. Dzina lake litaitanidwa, mwana wanuyu anavula nsapato monga amachitira kuno, kuziika bwinobwino pambali, n'kukwera pachitsulo ndi mapazi okha, hijabu yake ili kumutu. Ana a m'tauni aja, a nsapato zowala, anaseka mpaka kugwira mimba, mafoni m'mwamba. Wina anakuwa kuti mlongo, kuno si ku mzikiti.

Magazi anawira, mukundidziwa. Ndinanyamuka kuti ndikamuonetse mwana wonyozayo, Mackson, amene analinso konko, n'kundigwira chitenje. Saida sanandidikire. Anatembenuka n'kunena mokweza, holo yonse kumva, kuti kwathu makina timawalemekeza, tayatsani nyimbo.

Achimwene, mapazi aja sindinkawaona. Kuseka kuja kunatha kokha, anthu anayamba kuwomba m'manja motsata nyimbo, ine nthungululu osaigwira. Mwa anthu makumi anayi anakhala wachiwiri. Wachiwiri! Anamuposa ndi mnyamata wa ku koleji amene makina ali nawo kunyumba kwawo, ndipo yemweyo anabwera kudzafunsa kuti ku Thuchila amaphunzira bwanji. Atamva za makatoni anangogwira pakamwa. Ndinanyada tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga.

Nkhawa yanu ndikuidziwa, ndi dzina la mwana wamkazi, ndipo sindikuinyoza. Koma mapemphero a swala saphonya, amavala modzilemekeza, dzuwa lisanalowe amakhala ali pakhomo, mayeso a teremu yatha anakhoza. Ku Muloza kulibe makina, kulibe anzake aja. Ndikuopa kuti akakhalanso chete, ndipo ulendo uno kaya tidzamubweza.

Chonde sinthani mawu anu. Munatilera, ndipo chibadwire sindinakukanirenipo kanthu, koma ili ndakana. A Morris akabwera Loweruka ndiwaphikira tiyi, ndiwapatsa mananazi, abwerere okha. Saida sakudziwa kuti mwalamula zimenezi, ndipo pakamwa panga sizituluka. Ngati mukufunabe kuti apite, kwerani basi mudzamuuze nokha akukuyang'anani m'maso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Hussein ndi Ramla, ndi onse a kwathu amene mumakumana nawo ku mzikiti. Allah akusungeni ndi kukufewetsani mtima.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,
Hajira